Apongozi Anga ndi Yamaso Ozungulira

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki wa pasikelo pa esiteti ya tiyi mpaka maso anayamba kusokoneza manambala. Tsiku ndi tsiku ndinkapachika masamba pangowe ya sikelo, kuyang'ana muvi, kuitana wotsatira. Munthu wa pasikelo amafika podziona ngati palibe chomwe angachiyeze molakwika, ndipo ine matenda amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Komabe pali tsiku lina lomwe ndinayeza galimoto ziwiri, ndinasankha imodzi, anthu onse n'kundiyamikira kuti ndine wochenjera, ndipo mpaka lero ndikalikumbukira ndimasowa poika nkhope.

Ine ndine mkamwini. Ndinakwatira kumudzi wina wa kwa Mphuka, kumunsi kwa chitunda, kumene msewu umasiyana ndi minda ya tiyi n'kutsetserekera kumtsinje. Nyumba ndinamanga pamalo a apongozi anga aakazi, amayi ake a mkazi wanga. Apongozi aamuna ndinapeza atatisiya kale. Ana anga onse anayi anabadwira pabwalo limenelo.

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi amathawana. Achinyamata ambiri anazitaya zimenezi, koma apongozi anga anali a kale, Alomwe osasakaniza, ndipo pamwambo sankaseka ndi munthu. Tikati tikumane panjira, iwo ankapatukira m'chinangwa, ine n'kuyang'ana kumwamba ngati ndaona mbalame yachilendo. Moni tinkapatsana iwo atagwada kuseri kwa khitchini, ine ndili pakhonde chipewa chili m'manja. Mawu aliwonse ofunika ankadzera mwa mkazi wanga. Sikuti tinkadana ayi. Kalongonda akapsa, mbale yoyamba inkabwera kwa ine, ndipo nandolo woyamba kucha m'munda mwawo ndinkamulawa ndine.

Kuthawanako kuli ndi mathero ake, ndipo si ovuta. Ana akabadwa awiri kapena atatu, mkamwini amagula nsalu n'kuipereka kudzera mwa amalume ake a mkazi. Apongozi amapha nkhuku, mkamwini n'kudya iwo akuona, nkhani yatha. Kuyambira pamenepo amayankhulana maso ndi maso ngati mayi ndi mwana. Koma woyambitsa ndi mkamwini. Mkazi wanga anandikumbutsa mwana wachiwiri atabadwa, anandikumbutsanso pa wachitatu. Ine yankho langa linali limodzi: tikakolola. Tinakolola kangapo konse, nsalu osaoneka.

Chifukwa chake ndichinene, poti ndakula. Kuthawanako kunkandikomera. Apongozi omwe sangakuyankhule sangakutume, sangakufunse kumene wachedwa, sangakudzudzule. Anzanga a kuntchito akamadandaula za apongozi awo, ine ndinkatukula chifuwa n'kumati kwathu timasunga mwambo. Ndinali ndi apongozi abwino kuposa onse, chifukwa ndinali nditawatseka pakamwa ndi ulemu.

Kenako anadwala shuga, miyendo n'kuyamba kutupa. Mwezi uliwonse ankayenera kukaonekera kuchipatala ndi kukatenga mankhwala. Minibasi kwathu siifika, ndipo nthawi ya mvula ngakhale a kabaza amakana chitunda chathu. Achibale ankawakweza panjinga n'kumakankha mpaka kumsewu waukulu, iwo atagwiritsa chishalo, milomo italumana. Choncho nditapuma ntchito, n'kumva kuti esiteti ikugulitsa galimoto zake zakale, ndinalengeza ndekha pabwalo, mokweza kuti amve ali kuseri kwa khitchini: “Ndikagula galimoto. Amayi asiye kuzunzika panjinga.” Palibe anandikakamiza kunena mawu amenewo.

Tsiku lokaona galimotozo ndinatenga mkazi wanga ndi amakanika ena a ku Luchenza, bambo wachisilamu wa ndevu zoyera, amene madalaivala onse a kuno amamukhulupirira. Zinali kuseri kwa galaja ya esiteti, udzu utamera mozungulira matayala. Zoti n'kuyenda zinali ziwiri, za mtundu umodzi, zija zokoka ndi matayala onse anayi zomwe mabwana ankayendera m'minda. Yakale kwambiri anthu ankaitchula kuti yamaso ozungulira chifukwa cha nyali zake. Kutsogolo inali ndi benchi imodzi, kumbuyo bodi yopanda denga. Inayo, mng'ono wake, inali yamaso a makona, yotseka yonse, ya zitseko zinayi ndi mipando mizere iwiri. Ndikati mng'ono musaganize kuti inali yatsopano. Nayonso inali yaikulu kuposa mwana wanga woyamba. Pamtengo zinkasiyana pang'ono chabe, choncho sindingabisale kumeneko.

Amakanika aja sanafulumire. Anayala katoni pansi, kulowa kunsi kwa iliyonse, kugogoda apa, kugwedeza apo. Anaziliza zonse ziwiri, n'kuika nsonga ya chitsulo pa injini, mbali inayo kukhutu, maso atatsinzina. Atatha anapukuta manja n'kunena kuti, “Achimwene, injini zonse zili fiti. Yamaso ozungulirayi ilibe mawaya ambiri. Ikakuferani kutchire mumaidzutsa ndi pulayala basi, ndipo masipeya ake ndili nawo kuseri kwa nyumba. Masipuling'i ake ndi a zitsulo zosanjikiza, imakonda kulemedwa. Ikakhala yopanda kanthu imadumpha ngati mbuzi. Inayi masipuling'i ake ndi opota, imayenda mofewa, koma mukamaisenzetsa matumba mudzaithyola msana. Kunena mwachidule, iyi ndi ya katundu, iyo ndi ya anthu. Inuyo mukufuna kunyamula chiyani?”

Ndisanayankhe, mkazi wanga anali atatsegula kale chitseko cha yamaso a makona. Anakhala pampando wa kumbuyo kwenikweni kwa dalaivala, kudzigwedeza pang'ono, kutambasula miyendo. “Apa amayi akhoza kukhala,” anatero. “Ali kumbuyo kwanu, simukuonana, ngati mu minibasi.” Kenako anapita kukasuzumira mu inayo, n'kuyang'ana benchi ija kwa kanthawi. “Umu sangalowe.”

“Alowa,” ndinatero. “Iwe uzikhala pakati, iwo kuchitseko.”

“Bambo a ana, amayi mukuwadziwa.”

Ndinkawadziwa. Koma m'mutu mwanga munali mutadzaza kale mapeyala, zinanazi ndi nthochi za ku Masambanjati, zonse zikupita ku Luchenza pa bodi yanga. Ndinachita monga ndinazolowerera, kuika zinthu pasikelo: uku ulendo umodzi pamwezi, uku katundu tsiku lililonse. Muvi unaloza kumene ndinkafuna. Mpaka pamenepo munthu akhoza kundikhululukira, chifukwa galimoto imadya ndipo iyenera kudzidyetsa. Koma panali ganizo lina laling'ono lomwe linadutsa mofulumira, ndipo ndinalimva bwinobwino: akavutika, sadzandiuza. Sangathe. Ndinagula yamaso ozungulira ndikudziwa zimenezo.

Amakanika anangoti, “Mwasankha yolimba,” n'kuyang'ana mkazi wanga, n'kupinda katoni yawo.

Titafika nayo kumudzi kunali nthungululu. Apongozi analulutira ali kuseri kwa khitchini, mawu awo ndinawazindikira chifukwa anali osasa. Madzulo anatuma mwana wawo kuti, “Ukawauze akamwini kuti atichotsa manyazi pamudzi pano.” Ndinadya mawu amenewo ngati ndiwo.

Tsiku la kuchipatala litakwana, ndinatsegula chitseko cha kutsogolo n'kukaima kutali, nditatembenuka, kuti alowe momasuka. Ndinamva mkazi wanga akuwanyengerera m'Chilomwe, mawu akukwera ndi kutsika. Yankho lawo ndinalimva lonse: “Ine kukhala mpando umodzi ndi akamwini, m'kachipinda kotsekera? Ukufuna anthu andiseke ndi imvi zangazi?” Anawakweza kumbuyo, kuwayalira mphasa, mkazi wanga n'kukhala nawo komweko. Ine kutsogolo ndekha, benchi yonse yanga. Ndinadziuza kuti akana okha, ine chitseko ndinatsegula. Zoti mankhwala a vutoli anali nsalu imodzi ya pagolosale sindinafune kuzikumbukira.

Ulendo woyamba uja ndinayendetsa pang'onopang'ono, kuzemba dzenje lililonse. Wachiwiri chimodzimodzi. Pofika wachitatu ndinayamba kuona kuti n'kupusa kupita njira ya kumsika ndi bodi yopanda kanthu, makamaka poti amakanika ananena okha kuti imadumpha ikapepuka. Ndinakweza matumba awiri a mapeyala, ati kuti amayi asamagwedezeke. Mwezi wotsatira anali asanu. Katundu amayenera kutsamira kutsogolo kwa bodi, ndiye mphasa ya apongozi inkasunthira kumbuyo pang'ono ndi pang'ono, mpaka inakafika pachitseko cha bodi penipeni, pamene galimoto imamenya kwambiri. Pabenchi ya kutsogolo ndinayamba kukhazikapo eni katundu. Mkazi wanga akatanganidwa kumunda, apongozi ankakhala okha kumbuyoko.

Kenako inafika nyengo ya chiperoni. Amene sanakhaleko kuno sadziwa kuzizira kwake. Si mvula yeniyeni, ndi kamvula kosalekeza kosakanikirana ndi nkhungu, kamene kamalowa m'zovala mwakachetechete mpaka munthu kuyamba kugwedezeka nsagwada. Minda ya tiyi imasowa, umangoona mizere iwiri itatu ya pafupi ndi msewu. Lona ndinali nayo imodzi, ndipo ndinkayamba kufunditsa katundu. Kansonga kotsala ndi kamene apongozi ankadzikokera pamutu.

M'mawa wina wotero tinafika pageti ya esiteti, pamene msewu wathu umadutsa. Mlonda wake anali mkulu wina yemwe tinkadziwana kuyambira kale. Anatuluka m'kanyumba kake atavala chijasi, n'kuzungulira galimoto monga mwa ntchito yake. Anaima kumbuyo nthawi yaitali kuposa masiku onse. Kenako anabwera pawindo langa, kuyang'ana mwini mapeyala amene anakhala pambali panga, bambo wamphamvu zake akuseweretsa foni, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, “Akalaliki, mayi ali kumbuyowa ndi a matola?”

Ndikanatha kufotokoza za mwambo. Ndikanatha kukhala chete. Koma pakamwa panga panatuluka kuti, “Eya, ndangowathandiza, ndawapeza panjira.”

Injini inali itazima. Pakati pa ine ndi bodi panali galasi lokha, losweka pakona. Mlonda uja anangokweza mtengo wa pageti. Tsiku lonselo ndinali waukali, ndinakalipira mwini mapeyala popanda chifukwa, ndinakalipira wa kabaza ku Luchenza, ndipo pobwerera sindinayang'ane pagalasi loonera kumbuyo ngakhale kamodzi.

Masiku omwewo mkazi wanga anandiuza kuti amayi akuti chitseko cha bodi chikumatseguka chokha pachitunda, ngowe yotsekera ya mbali imodzi yadyeka. Ndinati ndikonza Loweruka. Patapita milungu anandiuzanso. Ndinamuyankha mokalipa kuti galimoto ndimaidziwa ndine, iye adziwe za kukhitchini. Mawu obwera kudzera mwa mkazi wako savuta kuwataya, umangowasandutsa kulongolola kwa m'banja.

Lamulungu lina masana, titabwera kutchalitchi, ndinali pansi pa mtengo wa mapeyala, mutu uli mu boneti, ndikupukuta zosafunika kupukuta. Ndinamva ndodo ikugunda pansi, pang'onopang'ono, ikubwera. Nditadzutsa mutu ndinaona apongozi akudutsa pakati pa bwalo, molunjika kwa ine, osapatuka, osaphimba nkhope. Kumbuyo kwawo kunali mkazi wanga atanyamula mbale yovundikira, maso ali ofiira. Thupi langa linafuna kuthawa lokha monga linazolowerera, ndipo ndinadzigunditsa mutu kuchitsulo cha boneti.

“Khalani pansi, bambo,” anatero.

Ndinakhala padothi pomwepo, ndi buluku la kutchalitchi. Iwo anavutika kukhala chifukwa cha miyendo, koma anakana kugwiridwa. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo pafupi. Zaka zonsezo ndinkadya za m'manja mwawo, koma sindinkadziwa kuti ali ndi mphini ziwiri patsaya, kapena kuti diso lawo lakumanzere linayamba kuyera. Mkazi wanga anavundukula mbale. Munali nkhuku yathunthu.

“Nsalu ndinadikira, sinabwere,” anatero apongozi, mawu ali phee. “Tingoyesa kuti munapereka. Sambani, idyani.”

Ndinasamba. Ndinanyema kachidutswa, kutafuna, kutafuna. Iwo anadikira mpaka nditameza, chifukwa mwambo umafuna kuti aone. Kenako anatambasula dzanja lawo lamanja. Pamkono, pamwamba pa chikhatho, panali mzere wakuda wozungulira, khungu litakhakhala, pena litang'ambika n'kupola.

“Chitseko chanu chija ndimachimanga ndi kansalu, mbali inayo n'kukulunga apa. Pachitunda chimakoka kwambiri, makamaka matumba akatsetserekera kumbuyo. Ine ndinachizolowera, ndimadziwa pamene chimayambira, pamtengo wa bulugamu wopsa paja. Koma ndamva kuti Lachitatu mutenga ana kupita nawo ku Luchenza kukagula mayunifolomu. Ine sindidzakhalapo. Anawo sangachigwire, manja awo ndi ang'ono. Ndinatuma mwana wangayu kawiri, koma ndaona kuti mawu otumiza sakufika. Ndiye ndati ndibwere ndekha.”

Ndinkangoyang'ana mkono uja. Mayi amene anakana kuswa mwambo chifukwa cha miyendo yake, chifukwa cha chiperoni, chifukwa cha bodza langa, anauswa tsiku limenelo chifukwa cha ana anga, n'kupha nkhuku yake yomwe kuti ine ndisaoneke wolakwa.

Atagwira ndodo kuti adzuke, anaonjeza ngati akumbukira kanthu kakang'ono: “Komanso mlonda wa pageti uja musamamunamize. Amandidziwa. Tinkathyola tiyi gulu limodzi inu musanabadwe.”

M'mawa mwake ndinali pakhomo pa amakanika dzuwa lisanatenthe. Anayang'ana ngowe ija, n'kuona kansalu kothothoka kali lende pachitsulo. Anakamasula mosamala, kundipatsa m'manja, osafunsa. Kuwotcherera ngowe yatsopano sikunatenge nthawi yoti munthu n'kumaliza kapu ya tiyi. Ndinawafunsa ngati yamaso a makona ija ikadalipo. Anati inapita kalekale, anagula a mishoni ena, ikunyamula odwala. Kuchoka apo ndinalowa m'sitolo n'kugula nsalu yodula kuposa zonse, ngati kudula kwake kungabweze zaka. Ndinaipereka kudzera mwa amalume monga mwa dongosolo. Apongozi anathokoza mwaulemu, anaipinda bwino, n'kuiika m'sutikesi. Sindinawaonepo atavala.

Tsiku la kuchipatala lotsatira kunacha ndi chiperoni chomwe chija. Sindinakweze thumba ngakhale limodzi. Ndinatsegula chitseko cha kutsogolo, ndipo ulendo uno sindinapite kukaima kutali. Apongozi anakwera movutika, ine nditagwira chigongono chawo, ndipo anali opepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Anakhala atakanirira kuchitseko, ndodo pakati pa miyendo, pakati pathu patatsala malo oti n'kukhala anthu awiri. Tonse tinkayang'ana kutsogolo ngati anthu okwera basi osadziwana.

Titayamba kukwera chitunda galasi linachita nkhungu, ndipo dzanja langa linapita lokha pakabatani ka hita, monga ndinkachitira m'mawa uliwonse wozizira. Mpweya wotentha unatulukira kumapazi. Apongozi anadzidzimuka n'kukweza miyendo.

“Chikupsa n'chiyani?”

“Palibe, amayi. Ndi mpweya wa ku injini, wotenthetsa anthu.”

Anatsitsa phazi limodzi mosamala, kenako linalo. Anawerama n'kuika zikhatho pomwe mpweya unkatulukira, kuzitembenuza uku ndi uku ngati pa mbaula. Mzere wakuda uja unali pomwepo pamkono.

“Kani muno mumakhala moto?”

“Eya, amayi.”

“Masiku onse aja?”

“Eya.”

“Oo,” anatero.

Anangosendeza mapazi awo otupa pafupi ndi mpweyawo, ndipo tinadutsa pa bulugamu wopsa paja popanda wogwira chitseko.